Kayendedwe ka ulendo wa m'matauni a m'mbali mwa Shire ndi m'mapiri ozungulira chigwa

Madzi onse otuluka m'nyanja ya Malawi amadutsa pakhomo limodzi lokha, lomwe ndi mtsinje wa Shire, ndipo akatsika mathithi omaliza pa Kapichira amafika m'chigwa chathyathyathya momwe amayenda pang'onopang'ono, n'kumwazikana m'madambo ndi m'mathawale mpaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique. Motsatira madzi amenewa mwandanda matauni ang'onoang'ono a Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, ndipo kumbuyo kwawo, tsidya lino ndi tsidya lina, kwaima mapiri amene munthu angathe kukwera ndi miyendo yake m'mawa umodzi. Anthu ambiri a kumtunda amamva za chigwachi pokhapokha madzi akasefukira, zomwe zimandidandaulitsa, chifukwa dera lokhala ndi dambo lalikulu, nkhalango zitatu za nyama, kachisi wakale wa mvula ndi njira za m'mapiri pamtunda wa tsiku limodzi ndi losowa m'dziko muno. Malangizo awa ndi a munthu wofuna kuliona deralo ali pansi ndi pabwato. Chofunika kuchivomereza musananyamuke n'chakuti ndondomeko ya ulendo kuno imalamulidwa ndi dzuwa, madzi ndi eni dera, ndipo mlendo amene wakonza zake motsatira zitatuzi amayenda bwino.

Yambani ndi kusankha mwezi

Chigwa cha Shire ndicho dera lotsika kwambiri m'Malawi. Pamene mtsinje ukutulukira m'dziko muno kumwera kwa Nsanje, nthaka ili mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, chonsecho mzinda wa Blantyre, umene suli kutali, uli pamwamba kuposa mamita 1,000. Kutsika kumeneku ndiko kumabweretsa kutentha kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40 masana, ndipo m'miyezi imeneyi kukwera phiri si chinthu choyesera ngakhale kwa munthu wamphamvu. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mu Meyi ndi Juni madzi m'dambo amakhala akadali ambiri, moti bwato limalowa m'tinjira tambiri, thambo limakhala loyera, ndipo kuchokera pamwamba pa phiri maso amafika patali. Vuto lake n'lakuti udzu umakhala wautali m'njira za m'mapiri. Pofika Ogasiti ndi Seputembala udzu wauma ndipo nyama m'nkhalango zimasonkhana pamene patsala madzi, zomwe zimathandiza woonera nyama, koma fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zimaphimba chigwa. Ngati cholinga chanu chachikulu ndi bwato ndi phiri, Juni ndi Julaye ndiyo miyezi imene ndingakusankhireni.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi, ulendo wongosangalala muusiye. Chigwachi chinavutika ndi madzi osefukira mu Januwale 2015, kenaka ndi namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ndipo ngakhale m'chaka chopanda namondwe mitsinje ngati Mwanza, Lalanje ndi Thangadzi imatha kudzaza mwadzidzidzi dzuwa likuwala pamalo pamene mwaima, chifukwa mvula yagwa kumapiri kumene imachokera. Mtsinje umene mwawoloka pamchenga wouma m'mawa ungathe kukutsekerezani madzulo.

Kenaka sankhani tsidya ndi kakweredwe

Kuchokera ku Blantyre msewu wa M1 umatsika phiri mokhotakhota, ndipo pakati pa mtsetsewo chigwa chonse chimaonekera pansi panu, Shire akunyezimira pakati pa minda. Mukafika pansi pali Thabwa, pomwe pali chipata cha apolisi, choncho chiphaso chanu cha unzika chikhale pafupi. Pamenepa ndi pomwe muyenera kukhala mutaganiza kale. Mukapitirira ndi M1 muwoloka mlatho wa Kamuzu, mufika pa Dyeratu, ndipo msewu wa phula ukutengani tsidya la kumadzulo kudzera ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje, mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Blantyre. Mukakhotera kumanzere pa Thabwa mulowa tsidya la kum'mawa, m'munsi mwa mapiri a Thyolo, kudzera ku Livunzu, Nkhate, Masenjere ndi Muona. Tsidya limeneli n'lokongola, lili ndi minda ya mpunga ya mthirira ku Nkhate ndi ku Muona, koma msewu wake umadulidwadulidwa ndi timitsinje totsika m'phiri ndipo galimoto ndi zochepa. Pa ulendo woyamba tsatirani M1, ndipo tsidya la kum'mawa mulipatse masiku akeake.

Maminibasi amayenda pa M1 tsiku lonse, koma amachepa dzuwa likapendeka, motero konzani zofika kumene mukagone nthawi isanakwane 4 koloko madzulo. Mukatsika pamsewu waukulu, amene amakufikitsani kudoko kapena kutsinde kwa phiri ndi anyamata a njinga zakabaza, zomwe kuno ambiri amazitcha shapa, ndi a njinga zamoto. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo ngati kumene mukupita n'kwakutali ndi msika, tengani nambala ya foni ya amene wakunyamulaniyo ndi kupangana naye nthawi yodzakutengani. Ndalama tapani ku Chikwawa, ku Nchalo kapena ku Nsanje, ndipo muzisinthe zikhale zing'onozing'ono, popeza wopalasa bwato kapena mayi wogulitsa nsomba padoko sakhala ndi chenje cha ndalama yaikulu. Ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba alipo m'misika, koma pafupi ndi malire foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique kapena kusowa netiweki konse.

Zolongedza

Katundu akhale wochepa, koma madzi akhale ambiri. Munthu mmodzi wokwera phiri m'chigwa muno anyamule malita atatu kapena anayi, kuphatikizapo mapaketi a Thanzi ORS obwezeretsa mchere umene umatuluka ndi thukuta. Mijigo ina ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi a mchere, choncho funsani eni mudzi kuti mjigo wa madzi okoma ndi uti, ndipo madzi alionse amene simukuwadziwa muthiremo kolorini kapena muwawiritse. Nyamulani chipewa chachikulu, malaya opepuka a manja aatali, buluku lalitali, nsapato zotseka zokhala ndi mapazi ogwira bwino, tochi, neti yotetezera udzudzu ndi mafuta othamangitsa udzudzu. Amayi asaiwale chitenje, chomwe chimafunika pofika kwa mfumu ndi pamalo aulemu. Foni, chiphaso ndi ndalama zikhale m'jumbo yomanga bwino tsiku lokwera bwato.

Chikwawa, Kapichira ndi Majete

Boma la Chikwawa lili pamalo okwera m'mphepete mwa Shire, makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Blantyre, ndipo ndi malo abwino ogona usiku woyamba kuti thupi lizolowere kutentha. Madzulo yendani wapansi mpaka pamene gombe likuyang'ana mtsinje, koma musatsikire kumadzi pamalo pamene simukuona eni dera akutsikira. Derali lili ndi mbiri yakale: David Livingstone anafika kuno ndi sitima yake mu 1859, mathithi a Kapichira n'kumuletsa kupitirira, ndipo Richard Thornton, katswiri wa miyala amene anayenda naye, anamwalira mu 1863 n'kuikidwa pafupi ndi mathithiwo. Lero pa Kapichira pali malo opangira magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130, amene anaonongeka kwambiri ndi namondwe Ana, komanso ndi pomwe payambira ngalande yaikulu ya ulimi wa mthirira ya m'chigwachi.

Nkhalango ya Majete, yomwe chipata chake chili makilomita pafupifupi 20 kuchokera paboma, ndi yaikulu masikweya kilomita 700. Nyama zake zambiri zinali zitatha ndi alenje, koma kuyambira 2003, pomwe bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi boma, munabwezeretsedwa zipembere, njovu, njati, akambuku ndi mikango, yomwe inafika mu 2012. N'chifukwa chake m'nkhalango imeneyi simuyenda wapansi nokha ngakhale pang'ono. Imbani foni kapena fikani pachipata tsiku loti mawa muyenda, mupemphe ulendo wapansi kapena wokwera phiri la Majete, ndipo akupatsani msilikali wa nkhalango wonyamula mfuti. Mtengo wolowera wa nzika za dziko lino ndi wotsika kuposa wa alendo akunja, choncho onetsani chiphaso. Poyenda, khalani pamzere umodzi kumbuyo kwa msilikaliyo, lankhulani motsitsa, valani zovala zosawala, ndipo akaima nanunso imani. Nyama ikatulukira pafupi musathamange pokhapokha iye atanena, pakuti kuthamanga ndiko kumaitana chilombo.

Nchalo, Lengwe ndi Ngabu

Nchalo ndi tauni ya nzimbe, yomwe inakula chifukwa cha minda ndi fakitale ya shuga ya Illovo, ndipo ili ndi malo ogona, mabanki, msika waukulu ndi chipatala cha St Montfort. Kuchokera kumeneku n'kosavuta kufika ku nkhalango ya Lengwe, imene imatchuka ndi nyala, nyama yamanyazi yokonda ziyangoyango. Ku Lengwe luso lake ndi kudikira. Pafupi ndi zitsime anamanga nsanja zobisalirapo, ndipo munthu amene wakwerapo kusanache n'kukhala chete ola limodzi kapena awiri amaona nyala, njati, nswala ndi anjiri zikubwera kudzamwa, pomwe wofika 10 koloko amangopeza mapazi m'matope. Funsani kuofesi ya pachipata ngati pali msilikali woti akuperekezeni wapansi pakati pa nsanjazo.

Ngabu simuchedwapo. Ndi dera la thonje, mapira ndi ng'ombe, ndipo ngati mwafika tsiku la msika imani, mudye nsima ya mapira ndi nyama ya mbuzi, mugule malambe kapena masau ngati ili nyengo yake, kenaka mupitirire.

Tsiku la bwato m'dambo

Pakati pa Nchalo ndi Chiromo mtsinje wa Shire umatambalala n'kukhala dambo lalikulu limene eni ake amalitcha Dabanyi, ndipo m'mabuku limalembedwa kuti Elephant Marsh chifukwa Livingstone analemba kuti anaonamo njovu pafupifupi 800 mu 1859. Njovuzo kulibenso, koma dambo lidakali ndi moyo wochuluka, ndipo mu 2017 linaikidwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, lachiwiri m'Malawi pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Kukula kwake kumasintha ndi nyengo. Mkati mwake muli mathawale otakata amene ukakhala pakati pake umayesa uli panyanja, ozunguliridwa ndi bango ndi gumbwa, ndipo kugombe kwaima migwalangwa ndi milambe. Tsiku limeneli ndilo mtima wa ulendo wonse, ndipo ndi limene lifunika kulikonza mosamala kuposa ena onse.

Fikani pamudzi wa padoko madzulo a tsiku loti mawa mukwera. Doko la Mchacha James, tsidya la kum'mawa, ndi lodziwika kwa alendo, koma madoko alipo ambiri mbali zonse ziwiri, ndipo anthu a pamalo pamene mwagona akulozerani loyandikira. Musathamangire kumadzi kukafunsa mtengo wa bwato. Yambani mwaodira kwa mfumu kapena kwa wapampando wa komiti ya padoko, mukhale pansi, mupereke moni, kenaka munene za ulendo wanu mosabisa: "Zikomo a mfumu, ife ndife alendo, tabwera kudzaona dambo lanu, ndiye timati mutionetse munthu wodziwa madzi woti atiyendetse mawa m'mawa." Anthu ambiri kuno amalankhula Chimang'anja ndi Chisena, koma Chichewa amachimva bwino, ndipo kuthokoza ndi mawu oti takhuta kumakondweretsa eni mudzi. Kudzera kwa mfumu kuli ndi phindu lenileni: wopalasa amene wakupatsani amadziwa kuti akafunsidwa mukapanda kubwerera, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti muli pamadzi.

Mukakumana ndi wopalasayo, lionani bwato ndi maso anu kukadali kowala. Bwato losema lokhala ndi ming'alu yomata ndi nsanza kapena phula wosakhazikika mulikane mwaulemu. Gwirizanani zinthu zitatu momveka bwino: mtengo wa ulendo wonse, maola amene mukhale pamadzi, ndi chiwerengero cha anthu m'bwato limodzi. Mukakhala ambiri tengani mabwato awiri m'malo mopanikizana m'limodzi pofuna kupulumutsa ndalama. Jekete loyandamitsa munthu silipezeka m'madoko ambiri, motero ngati mungathe kubwereka kapena kugula musananyamuke kwanu, teroni, makamaka ngati pagulu panu pali wosadziwa kusambira. Ana aang'ono asakwere.

Nyamukani m'bandakucha, mubwerere dzuwa lisanafike pamutu. Pokwera, lowani mmodzimmodzi mutawerama, mukhale pansi penipeni pa bwato, ndipo mukakhala mwakhala. Kuimirira kapena kutembenuka mwadzidzidzi pofuna kujambula mbalame ndiko kumagubuduza mabwato. Manja ndi miyendo zikhale mkati nthawi zonse chifukwa ng'ona zilimo zambiri. Wopalasa akasiya kulankhula n'kuyamba kukhotetsa bwato, kapena akamagogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi, dziwani kuti akupewa mvuu, ndipo imeneyo si nthawi yomupempha kuti ayandikire. Mvuu yokhala ndi mwana ndi yoopsa kuposa chilombo china chilichonse m'dambomo. Chinanso chimene mlendo sangachidziwe n'chakuti tinjira ta m'dambo timasuntha: namasupuni ndi zisumbu za udzu woyandama zimakankhidwa ndi mphepo, moti njira imene munalowera m'mawa ingathe kutsekeka pobwerera, ndipo ndi munthu yekha wokulira pamadzipo amene amadziwa potulukira pena.

Mukakhala chete mudzaona nkhwazi itatera pamtengo wouma, akakowa ataima m'madzi osaya, atsekwe, avuwo ndi timbalame tamiyendo yaitali toyenda pamasamba a maluwa a m'madzi. Mudzakumananso ndi asodzi akuonjola maukonde ndi miono. Apatseni moni, musakhudze zida zawo, ndipo musawajambule musanapemphe. Pansi pa maluwa a m'madziwo ndi pomwe pamachokera nyika, zomwe mabanja a kuno amazula ndi kudya makamaka chaka cha njala, akuika moyo wawo pachiswe pakati pa ng'ona. Wopalasa akakuonetsani nyika, mverani nkhani yake mwaulemu, chifukwa kwa iye chimenecho ndi chakudya chimene chinapulumutsa abale ake. Pobwerera padoko gulani mlamba kapena mphende kwa amayi ogulitsa, mulipire wopalasa ndalama yonse imene munagwirizana, ndipo mukatsanzike kwa mfumu.

Bangula, Chiromo ndi Mwabvi

Bangula ndi tauni yakale ya njanji. Kum'mawa kwake kuli Chiromo, pamene Ruo amakumana ndi Shire, pafupi ndi pomwe anaikidwa Bishopu Charles Mackenzie amene anamwalira mu Januwale 1862. Madzi osefukira a mu 1997 anadula msewu ndi njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo otchedwa Mtayamoyo, ndipo anthu opita ku Makhanga akhala akuwoloka pamenepo ndi mabwato. Ngati mukufuna kuwoloka, pitani m'mawa, muyang'ane kaye mmene mabwato akudzazira, ndipo musakwere limene ladzaza anthu, njinga ndi matumba mpaka madzi kufika m'milomo. Kudikira lotsatira sikutayitsa kanthu. Kumadzulo kwa Bangula kuli Mwabvi, nkhalango yaing'ono kwambiri mwa nkhalango za nyama m'dziko muno, ya masikweya kilomita 135, yokhala ndi matanthwe ndi zigwembe zoyenera woyenda wapansi. Alendo ndi ochepa kumeneko ndipo zinthu zogula kulibe, choncho funsani za msewu ku Bangula, munyamule chakudya ndi madzi okwanira, ndipo muyende ndi msilikali wa nkhalango.

Nsanje ndi kukwera ku Chididi

Nsanje, yomwe kale inkatchedwa Port Herald, ili m'mphepete mwenimweni mwa Shire, ndipo tsidya linalo ndi Mozambique. Doko lake la konkire linatsegulidwa mu Okutobala 2010, ndipo madzulo ndi malo abwino oonera mtsinje ndi mabwato owoloka. Musakwere bwato kupita tsidya linalo mongoyesa, popeza mukatero mwalowa m'dziko la eni popanda chilolezo. Chipata cha malire chili ku Marka, kumwera kwa boma.

Kumadzulo kwa tauniyi kwaima mapiri omwe pamwamba pake pali Chididi, mudzi wa mishoni yakale, ndi nkhalango ya boma ya Matandwe. Msewu wa galimoto ulipo, koma njira zachidule zimene anthu a kumtunda amatsikira popita kumsika ndi kuchipatala ndizo zoyenera wokwera phiri. Madzulo a tsiku loti mawa mukwera, pezani woperekeza kudzera kwa mfumu ya mudzi wa kutsinde kwa phiri, monga munachitira padoko, ndipo ngati njira yanu ilowa m'nkhalango ya Matandwe, dziwitsani a ofesi ya zankhalango paboma. Woperekeza ndi wofunika pa chifukwa china chimene ambiri sachiganizira: malire a Malawi ndi Mozambique amayenda pamsana pa mapiri omwewa, alibe mpanda, ndipo njira zimaphatikana mosadziwika bwino.

Nyamukani 5 koloko m'mawa mutadya kanthu, kuti gawo lotsetsereka kwambiri mulimalize dzuwa lisanakule. Yendani ndi liwiro limene mungathe kulankhula muli kuyenda, ndipo wofooka kwambiri pagulu ndiye akhale patsogolo, kumbuyo kwa woperekeza. Imwani madzi pang'onopang'ono musanamve ludzu, mupume pamthunzi mphindi zochepa pakatha theka la ola lililonse, ndipo musanayambe n'komwe gwirizanani ola lobwerera, limene likakwana mutembenuka ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. M'njira mudzakumana ndi amayi osenza mitolo ndi abambo otsika ndi njinga zolemedwa. Apatukireni, chifukwa iwo ali pantchito ndipo wosenza sangathe kuima pamtsetse. Perekani moni kwa aliyense, ndipo podutsa pakhomo pa munthu odirani.

Samalani ndi chitedze, chimene chimakhwima m'nyengo yomweyi ya chisanu ndi kulendewera m'mbali mwa njira. Ubweya wa zikhokhombe zake ukakhudza khungu umayabwa koopsa, ndiye chifukwa chake manja aatali ndi buluku n'zofunika ngakhale kukutentha. Musapise dzanja m'mphako za mitengo kapena pansi pa miyala, ndipo mukamva njuchi zikulira pamlambe, dutsani mwakachetechete. Mukaona utsi wa moto wa m'tchire kumunsi kwanu, musapitirize kukwera molunjika pamwamba pake, popeza moto umathamanga pokwera phiri kuposa munthu. Tsatirani woperekeza kupita pamalo opsa kale kapena opanda udzu. Inuyo musayatse moto kapena kutaya ndudu m'njira.

Mukamakwera mudzamva mpweya ukusintha. Mitsanya ndi milambe ya m'chigwa imatsala m'munsi, mitengo ya kumtunda imayamba, ndipo kamphepo kozizira kamene simunakamve chifikireni m'chigwa kamakupezani. Pamalo otseguka tembenukani muyang'ane kum'mawa. Kuchokera pamenepo mudzaona Shire akukhotakhota, dambo la Ndindi kumwera, madimba obiriwira m'mphepete mwa madzi pakati pa dziko louma, ndi mapiri a ku Mozambique kutsidya. Apa ndi pomwe munthu amamvetsa chifukwa chimene anthu a kuno amabwererabe kumadimba madzi akaphwa ngakhale amalangizidwa kusamukira kumtunda: chinyontho ndi nthaka yachonde zili m'kamzere kobiriwirako, ndipo kwina konse n'kouma miyezi yambiri pachaka. Amene amaweruza anthu a m'chigwa ali kutali akanayenera kuima pamenepa kaye. Potsika chepetsani liwiro, chifukwa timiyala ta m'njira timaterera ndipo maondo amakhala atatopa; ndodo imathandiza kwambiri. Tsidya la kum'mawa kulinso njira zotere zokwera kuchokera ku Masenjere ndi ku Muona kupita kumapiri a Thyolo cha ku Thekerani, ndipo malangizo ake ndi omwewa.

Kufika ku Khulubvi

Kumwera kwa boma la Nsanje kuli nkhalango ya Khulubvi, komwe kuli kachisi wa Mbona, amene Amang'anja akhala akupemphako mvula kwa zaka mazana ambiri, ndipo malowa ali pamndandanda wa malo amene dziko lino linapereka ku UNESCO kuti aganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse. Amenewa ndi malo opatulika amene akugwirabe ntchito, ndipo ali m'manja mwa mafumu ndi osunga kachisi. Simulowamo popanda chilolezo chawo, ndipo chilolezocho chingathe kutenga tsiku kapena kukanidwa. Mukaloledwa, tsatirani zonse zimene akuuzani pa nkhani ya zovala, zomwe zimayenera kukhala zakuda, kuvula nsapato, ndi malo amene mlendo sapondapo. Musathyole nthambi, musatole nkhuni, ndipo kamera isatuluke m'chikwama musanafunse. Kaya chipembedzo chanu ndi chotani, ulemu umenewu ndi umene wasunga mitengo ya m'nkhalangoyi pamene kwina konse kozungulira inatha.

Zikavuta m'njira, ndi pobwerera kwanu

Mnzanu akayamba kudandaula mutu, chizungulire, nseru kapena kukokana kwa minofu, muikeni pamthunzi nthawi yomweyo, mumasule zovala zake, mumuthire madzi m'thupi ndi kumukupiza, ndipo amwe Thanzi pang'onopang'ono. Akayamba kusokonezeka polankhula kapena kukomoka, ameneyo afunika chipatala mwamsanga, ndipo munthu wokomoka musamumwetse kanthu. Wolumidwa ndi njoka musamutemere, musayamwe bala, musamange chingwe cholimba. Mugonekeni, chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, muvule mphete kapena chibangili, ndipo mumunyamule kupita naye kuchipatala. Zipatala zazikulu zili paboma la Chikwawa ndi la Nsanje, ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Muona, choncho tsiku lililonse dziwani chimene chili pafupi ndi kumene mukupita, ndipo wina wotsala kumalo ogona adziwe njira yanu ndi ola lobwerera.

Usiku uliwonse gonani m'neti, chifukwa udzudzu m'chigwa muno sutha chaka chonse. Kutada musayende m'mphepete mwa mtsinje kapena m'madimba, pakuti ndi nthawi imene mvuu zimatuluka kukadya, ndipo kupezeka pakati pa mvuu ndi madzi ndi ngozi yaikulu. Mukabwerera kwanu, thupi likatentha m'masabata otsatira pitani mukayezetse malungo tsiku lomwelo ndipo muwauze achipatala kumene munali. Ngati munaponda kapena kusamba m'madzi a m'dambo, kayezetseninso likodzo pakatha miyezi iwiri ngakhale musakumva kupweteka kulikonse, chifukwa matendawa amatha kukhala m'thupi nthawi yaitali osaonekera, ndipo mankhwala ake amapezeka m'zipatala.